Kumapeto kwa Foniyo Kuli Ndani?

M'chaka cha 2008, pachipatala cha St Gabriel ku Namitete panafika mnyamata wa ku America dzina lake Josh Nesbit, wophunzira pa yunivesite ya Stanford. Katundu amene ananyamula sanali wochititsa kaso: kompyuta imodzi ndi mafoni akale a mabatani pafupifupi 100. Nthawi imeneyo anthu odzipereka osamalira odwala m'midzi ankayenda wapansi kapena kupalasa njinga mitunda italiitali kuti akangonena kuchipatala kuti wodwala uje mankhwala amuthera, kapena kuti uje wafooka sakudzuka. Mafoni aja anagawidwa kwa anthu amenewa, ndipo kompyuta inaikidwa pachipatala kuti izilandira mauthenga awo kudzera m'pulogalamu yotchedwa FrontlineSMS. Uthenga ukafika, namwino ankadziwa mudzi wopitako ndi mankhwala oti anyamule.

Patangotha miyezi isanu ndi umodzi, maola opitirira 2,000 amene akanathera pamsewu anali atapulumuka, ndipo chiwerengero cha odwala TB olandira chithandizo chinawirikiza kawiri. Ntchito imene inayambira pa Namitete ija inabala bungwe la Medic Mobile, lomwe lero limangotchedwa Medic, ndipo njira zake zikugwiritsidwa ntchito ku Kenya, ku Uganda mpaka ku Nepal. Ambiri amene amatsika minibasi pa Namitete sadziwa n'komwe kuti maiko ena anaphunzirira pakhomo pawo.

Mafoni aja sanali anzeru ngati a masiku ano. Chimene chinachiritsa anthu n'chakuti mbali zonse ziwiri kunali munthu wodziwika: wotumiza uthenga anali mwana wa m'mudzi momwemo, wolandira anali namwino woti zikalakwika mukhoza kupita kukamufunsa. Chaka chikubwerachi zatsopano zichuluka ku Nsaru, ku Kabudula, ku Mpingu ndi ku Nambuma, ndipo zambiri zilowa m'nyumba zathu kudzera pafoni. Funso loyenera kufunsa pa chilichonse mwa izo ndi lomwelo: kodi kumapeto kwakeko kuli ndani, nanga akufuna chiyani kwa ife?

Dokotala wopanda nkhope

Tiyambe ndi zimene zili ndi mwini wake wodziwika. Chipatala Cha Pa Foni chinayambira ku Balaka mu 2011 ngati njira yothandizira amayi oyembekezera ndi ana, ndipo tsopano chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Nambala yake ndi 54747, ndipo pa Airtel kuimba n'kwaulere. Woyankha ndi munthu wophunzira za chipatala, amene amafunsa mafunso m'Chichewa n'kukuuzani ngati vutolo lingadikire kapena muyenera kunyamuka pompo. Nawonso alangizi a zaumoyo m'maboma angapo ayamba kusiya mabuku aakulu aja a kalembera n'kumalemba za ana ndi za mabanja pa timakompyuta ta m'manja, m'ndondomeko ya boma yotchedwa iCHIS. Mlangizi akafika pakhomo panu n'kumadinadina pagalasi, musaganize kuti akusewera.

Chachilendo chenicheni ndi makina oyankha okha, amene anthu akungowatchula kuti AI. Amene ali ndi WhatsApp anaona kale kachizindikiro kozungulira ka Meta AI, chifukwa Malawi anali m'gulu la maiko oyambirira kukalandira mu 2024. Chaka chomwecho bungwe la Opportunity International linayamba kuyesa pulogalamu ya Ulangizi, imene imayankha alimi pa WhatsApp m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Mlimi akhoza kulemba funso, kulankhula, kapena kujambula tsamba la soya lomwe lachita mawanga, ndipo yankho limachokera m'malangizo a Unduna wa Zaulimi. Alangizi a zaulimi ndi ochepa, ndipo mlimi wa ku Kabudula akhoza kutha dzinja lonse osaonana ndi mmodzi yemwe, choncho chida chotere n'chofunika. Ubwino wake winanso ngwakuti m'madera amene anachiyesa, foni inkakhala m'manja mwa mlimi wophunzitsidwa amene ankafunsira anzake, n'kumaunika ngati yankholo likumveka.

Koma mayi amene wazolowera kufunsa makina za chimanga sachedwa kuwafunsanso za mwana wotentha thupi, ndipo apa m'pofunika kumvetsa mmene makinawa amagwirira ntchito. Iwo sanaphunzire udokotala. Anadyetsedwa mulu wa zolemba, zambiri za m'Chingerezi, ndipo amasanja mawu potsatira mmene mawuwo amayendera limodzi m'zolembazo. Zolemba za m'Chichewa zimene anawerenga n'zochepa, n'chifukwa chake nthawi zina amasokoneza mayina a matenda ndi a mbewu. Vuto lalikulu n'lakuti akalakwitsa sachita chibwibwi. Yankho loona ndi yankho labodza amazinena ndi mtima umodzi womwewo, m'mawu osalala. Dokotala weniweni akakayikira amati tiyeni tiyeze magazi. Makina sangagwire mwana pamphumi, sangaone kuti maso alowa m'kati, sangayeze malungo.

Pa nkhani ya mwana, tisanyengane. Kutentha thupi kumafuna kuyezetsa tsiku lomwelo, kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala. Mwana akamakomoka, akamasanza chilichonse, akakana kuyamwa kapena akamapuma mobanika, foni ikhale yoitanira njinga basi. Chimodzimodzinso ndi mauthenga a mawu amene amayenda m'magulu a WhatsApp, onena kuti masamba akuti amachotseratu shuga kapena kuti munthu akhoza kusiya mankhwala a BP ndi ma ARV. Wolankhulayo satchula dzina lake lenileni kapena chipatala chimene amagwirako, koma nambala yotumizirako ndalama saiwala kuitchula.

Ndalama zimene sizigwiridwa m'manja

Airtel Money inayamba mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, ndipo lero palibe msika wa kumudzi umene ulibe kanyumba ka ejenti. Mwana wa ku Joni amatumiza ndalama ya feteleza m'mawa, madzulo bambo ake alandira pa Nsaru. Mabanki mkhonde ena akusiya kusunga ndalama m'bokosi la maloko atatu. Palibe amene angalakelake masiku aja otumiza ndalama kudzera mwa kondakitala.

Akuba nawo anasamukira komweko. Njira zawo zakale tikuzidziwa: uthenga wonena kuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, munthu wodzitcha wa ku kampani ya mafoni wofuna nambala yanu yachinsinsi, kapena wina wolonjeza kukulembetsani pa Mtukula Pakhomo mukapereka kangachepe. Apolisi ndi bungwe la MACRA akhala akunena kuti ena mwa mafoni oterewa amaimbidwa ndi akaidi ali m'ndende momwe. Chimene chikubwera n'choopsa kuposa apa. Makina a AI tsopano akutha kutsanzira mawu a munthu atangomva kachidutswa ka kulankhula kwake, ndipo m'maiko ena makolo aberedwa kale atamva mawu onga a mwana wawo akulira kuti ali pamavuto. Mabanja a kuno amene ali ndi ana ku South Africa kapena ku minda ya ku Israel amatumizirana mauthenga a mawu tsiku ndi tsiku, ndiye kachidutswa koteroko sikosowa.

Mankhwala ake ngotsika mtengo. Gwirizanani pabanja funso limene mlendo sangaliyankhe, monga dzina la ng'ombe imene munagulitsa chaka cha njala kapena dzina la paubwana la agogo. Wina akaimba mofulumizitsa, dulani foni n'kuimbira mwiniwakeyo pa nambala imene mumaidziwa. Wakuba amadana ndi kudikira, ndipo wachibale weniweni sangakwiye chifukwa cha mphindi zisanu. Nambala yachinsinsi isauzidwe kwa ejenti ngakhale ndi mwana wa achimwene anu, ndipo isakhale chaka chimene munabadwa, poti chimenecho chili pa chiphaso cha unzika chomwe mumapereka paliponse.

Komabe wakuba woimba foni amaba kamodzi. Amene akutha ndalama za m'makomo mwakachetechete ndi kandege.

Kale wotchova juga ankabisala kuseri kwa sitolo, ndipo mudzi wonse unkamudziwa. Kenaka kunabwera mashopu obetchera mpira. Tsopano juga ili m'thumba la malaya, ndipo munthu akhoza kuluza ndalama ya soya yense ali khale pamkeka, mkazi wake akupakula nsima. Masewera a Aviator, amene anyamata amawatcha kandege, amayenda chonchi: mumaika ndalama, kandege kamanyamuka, ndalamayo imaoneka ngati ikukula, ndipo muyenera kuitulutsa kandegeko kasanathawe. Mukachedwa, yonse yapita. Ulendo umodzi umatha pa masekondi ochepa, wina n'kuyamba nthawi yomweyo.

Eni ake a masewerawa sabisa kuti pa K100 iliyonse imene anthu onse pamodzi abetcha, pafupifupi K97 ndi imene imabwerera kwa osewera. Wina anganene kuti K3 si kanthu. Koma taganizirani mnyamata amene akubetcha K1,000 ulendo uliwonse, n'kusewera maulendo 100 usiku umodzi, zomwe sizovuta. Ndalama imene yadutsa m'masewerawo ndi K100,000, ndipo gawo la kampani pamenepo ndi K3,000, katatu kuposa imene ankaika pa ulendo umodzi. Wina apambana lero n'kugula zakumwa za gulu lonse, ndipo nkhani yake imveka msika wonse. Oluza salengeza. Masamuwo sasintha ngakhale munthu asinthe foni, agule "njira yachinsinsi" pa Facebook, kapena asewere pakati pa usiku.

Lamulo la mu 2022 linakhazikitsa bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, ndipo mwana wosakwana zaka 18 saloledwa kubetcha. Koma foni sidziwa zaka za chala chimene chikudina. Ngati simu khadi inalembetsedwa m'dzina la amayi, mwana wa Fomu 2 amalowa ngati wamkulu. Nyengo yoyenera kusamala kwambiri ndi ya zokolola, fodya akamagulidwa ku Kanengo ndipo mavenda atamangirira masikelo a soya ndi mtedza m'misika. Ndalama imene inkafika pakhomo m'thumba, mkazi n'kuiwerenga nawo, tsopano imalowa mufoni ya munthu mmodzi. Zizindikiro zake achipatala amazidziwa: kusagona, kupsa mtima foni ikagwiridwa ndi wina, ngongole za katapila zosadziwika mutu wake, katundu wa m'nyumba kumasowa pang'onopang'ono. Munthu wotere wadwala, ndipo kumuchititsa manyazi pagulu kumangomukankhira kutali. Ngati wayamba kulankhula zoti moyo watopa nawo, musamusiye yekha, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mabanja ena apeza kuti chothandiza ndi kugwirizana kuti ndalama ya zokolola ikangolowa, feteleza ndi fizi zigulidwe sabata yomweyo, mwamuna ndi mkazi ali limodzi.

Za mumlengalenga ndi za pamsewu

Pali zina zimene nyuzipepala zimakonda kulemba koma sizisintha msanga moyo wa pakhomo. Intaneti ya Starlink, yochokera ku masetilaiti, inafika m'Malawi mu 2023, koma mtengo wa zipangizo zake ngwa sukulu, chipatala kapena wabizinesi wogulitsa intaneti kwa anzake pamsika. Tindege topanda woyendetsa tinayamba kuyesedwa ku Kasungu mu 2017, ndipo tathandiza kunyamula mankhwala ndi magazi okayezedwa kumadera ovuta kufikako. Kuno, kumene msewu wa ku Mchinji wadutsa pa Mpingu ndi pa Namitete, wodwala adzanyamulidwabe ndi njinga yamoto.

Ndipo njingayo ndiyo yasintha miyoyo kuposa zonsezi. Mayi amene matenda amuyamba usiku ku Nambuma safunanso ngolo. Koma pitani mukaone odwala mafupa pachipatala cha Kamuzu Central, mukawerenge amene anagwa pa kabaza. Anyamata ambiri amaphunzira kuyendetsa m'bwalo la mpira kwa masiku awiri, n'kuyamba kunyamula anthu atatu ndi thumba la chimanga. Wokwera ali ndi mphamvu imene saigwiritsa ntchito: kukana kukwera popanda chipewa choteteza mutu, kukana woyendetsa amene akununkha mowa, ndi kusunga nambala ya wakabaza mmodzi wodalirika mwezi wochira usanakwane. Kusowa kwa mafuta kwabweretsanso chizolowezi chosunga petulo m'zigubu m'nyumba yogona, pafupi ndi mbaula ndi ana. Ku Rwanda ndi ku Kenya akabaza ambiri ayamba kuyendera njinga za magetsi zosinthitsa batire, ndipo mafuta akapitiriza kuvuta, nafenso tidzaziona.

Kusukulu nako kukusintha. Kuyambira mu 2023 boma lakhala likufikitsa timakompyuta ta m'manja m'sukulu za pulayimale m'ndondomeko ya BEFIT, kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzirirapo kuwerenga ndi masamu m'Chichewa, ndipo cholinga n'chofikira sukulu zonse za boma. Zipangizozi zimatchajidwa ndi sola, mwana amazigwira kwa nthawi yoikika, mphunzitsi ali pomwepo. Zimenezi n'zosiyana ndi foni ya bambo imene mwana amagona nayo akuonera TikTok mpaka tambala woyamba. Mwana wa sukulu amafunika kugona maola 9 kapena kuposerapo, ndipo wosagona mokwanira amaoneka ngati wopanda nzeru m'kalasi pamene vuto lake ndi tulo. Mafoni onse a pakhomo akamatchajidwa pamalo amodzi usiku, kuphatikizapo ya abambo, mkangano umachepa.

Kuwala kwabwera, nanga batire likafa?

Zonse tatchulazi zimadalira moto wa magetsi, ndipo kumidzi yambiri moto umenewo ukuchokera padenga. Makampani monga Yellow amagulitsa sola ndi mafoni pangongole yolipira pang'onopang'ono pafoni, ndipo mukalephera kulipira chipangizocho chimadzitseka chokha. Ku Sitolo m'boma la Mchinji kuli magetsi a dzuwa a mudzi wonse, ndipo kwa Kasakula ku Ntchisi bungwe la SolarAid lakhala likuika sola nyumba ndi nyumba. M'madimba a m'mbali mwa Bua ndi Namitete, mapampu a sola ayamba kulowa m'malo mwa ndowa ndi mapampu opalasa ndi miyendo. Pa zaumoyo phindu lake n'loonekeratu: utsi wa koloboyi umene unkadetsa mphuno za ana wachepa, kandulo wogwera pa udzu wachepa, ndipo mayi amaona bwino mwana akadwala usiku. Musanasaine pangano la ngongole, funsani mtengo wonse pamodzi, osati wa pa sabata wokha, komanso amene adzakonze chipangizocho chikawonongeka ngongole isanathe.

Pali mbali ina imene ogulitsa satchula. Mabanja ambiri sagula sola ya pangano. Amagula galasi pamsika, waya kwina, batire kwina, n'kulumikiza okha popanda kachipangizo koletsa batire kudzaza kapena kutha mopitirira muyeso. Batire lotere, lomwe likanakhala zaka zingapo, limafa mwina chaka chisanathe. Mabatire amenewa, ofanana ndi a galimoto, m'kati mwake muli asidi ndi mtovu. Ofufuza a ku yunivesite ya Manchester amene anayendera midzi yozungulira Lilongwe anapeza amisiri akuswa mabatire akufa ndi zikwanje, kutaya asidi pansi, n'kusungunula mtovuwo pa makala kuti apange mabatire ena, zonsezi zikuchitikira m'misika ndi pakati pa nyumba za anthu.

Mtovu ndi poizoni wosanunkha ndiponso wosawawa pakamwa. Fumbi lake limakhala m'dothi zaka zambiri, limamatirira ku zovala za mmisiri n'kupita nalo kunyumba, ndipo mwana wokwawa amalidya ndi manja ake. Bungwe la World Health Organization limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ungatchedwe wabwinobwino. Mwa mwana umawononga ubongo, ndipo zimene zawonongekazo sizibwerera. Mwanayo amachedwa kulankhula, amavutika kusukulu, amachepa magazi, ndipo ukachuluka amakomoka mpaka kumwalira. Mwa akulu umakweza BP ndi kuwononga impso, ndipo kwa mayi woyembekezera umadutsa n'kukafika kwa mwana m'mimba. Popeza zizindikiro zake zimafanana ndi za matenda ena, kawirikawiri palibe amene amaganizira za batire lija lili kuseri kwa chitseko.

Amisiriwa si adani. Akufuna chakudya cha ana awo, ndipo iwo ndi mabanja awo ndi amene ali pangozi yaikulu. Koma sola zikamachuluka, mabatire akufa achulukanso, ndipo nkhaniyi ndi yofunika kuti mafumu, makomiti a misika ndi alangizi a zaumoyo aikambirane isanakule. Malo oswera mabatire asakhale pafupi ndi ogulitsa mandasi ndi tomato, kapena pafupi ndi chitsime. Pakhomo, kugula kachipangizo koteteza batire kaja n'kotsika mtengo kuposa kugula batire chaka ndi chaka. Batire likhale pamalo opita mphepo, kutali ndi pogona ana ndi posungira ufa. Likafa musaliswe, musathire madzi ake m'munda, ndipo chikho chake musachisandutse chomwera nkhuku. Lisungeni losatsegula, pamwamba posafika ana, mpaka mutapeza wogulitsa mabatire amene amalandira akale. Ngati bambo a pakhomo amagwira ntchito yokonza mabatire, zovala za kuntchito zisalowe m'nyumba ndipo zisachapidwe pamodzi ndi za ana. Mwana wa pakhomo lotere akamadwaladwala, kapena akamachedwa kukula ndi kulankhula, uzani adokotala ntchito imene bambo ake amagwira ngakhale asanakufunseni.